Bowa wofanana ndi ndelema amene ana apeza pansi pa paini ku Mabvuku: kodi tiphike?

Nabanda, Mabvuku

Ndikupereka moni kwa makolo ndi abale nonse. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo chino ndi chaka chachitatu ndili ku Harare, kumene ndinatsatira bambo a kunyumba amene anabadwira konkuno. Dzulo madzulo, mvula imene inagwa masiku anayi osalekeza itakata, ana anga awiri anafika kuchokera kusukulu ndi bowa wodzaza jumbo, ndipo akuti anamupeza pansi pa mitengo ya paini imene ili m'mbali mwa njira yawo yachidule. Nditamukhuthulira pa lichero ndinaona ngati ndelema amene tinkazula ndi amayi kwathu: kunsi kwa chipewa n'koyera mbee, pa tsinde pali kansalu kolendewera ngati siketi, ndipo fungo lake silonyansa. Chimene chinandikayikitsa ndi pamwamba pa chipewa, chifukwa pali kubiriwira kotuwa ngati khungu la peyala, pamene ndelema amene ndimamukumbukira ine anali woyera, pakati pokha ndiye podera. Anawa anachita kumuthyola ndi manja, motero kumunsi kwa tsinde kunatsalira m'dothi.

Apongozi anga aakazi, amene tikukhala nawo, akuti ameneyu ndi nhedzi, bowa amene akhala akudya kuyambira ali mtsikana. Anatenga awiri n'kuwawiritsa mu kapoto pamodzi ndi supuni ndi anyezi, ndipo poona kuti supuniyo sinade, ananena kuti palibe chovuta. Ine ndinapepesa kuti tidikire kaye kufikira mawa, ndipo nsima tinadyera matemba. Sanakondwe nazo, ndipo ndikumvetsa, pakuti si chapafupi kuti mtengwa atsutse apongozi pa nkhani ya ndiwo.

Popeza safunsa anadya phula, ndikupempha nzeru pa zinthu zitatu. Kodi nhedzi wa kuno ndi yemweyo amene kwathu timati ndelema? Kodi njira ya supuni ndi anyezi ndi yodalirika, kapena pali ina yoyesera bowa kukhitchini? Ndiponso, popeza ana omwewa amatcholanso bonongwe ndi chisoso m'minda ya m'mbali mwa msewu, kodi pali zomera za kuno zimene mlendo ngati ine angasokoneze ndi ndiwo zakwathu?

Bambo Phiri, Mufakose

Mwana wanga Nabanda, mwachita bwino kudikira, ndipo bowa ameneyo musamuphike ngakhale supuni ituluke yowala motani. Ine ndinabadwira kuno, bambo anga atabwera kuchokera ku Ntcheu m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Mayi anga ankadziwa bowa kwambiri, ndipo munthu akawabweretsera bowa kuti amuone, sankayamba n'kuyang'ana m'dengu. Ankayamba n'kufunsa kuti wamuzula pansi pa mtengo wanji.

Pa funso lanu loyamba, nhedzi ndi ndelema ndi bowa mmodzi. Abemba a ku Zambia amati tente, ndipo akatswiri anamulemba mu 1980 ndi dzina lakuti Amanita zambiana. Bowa ameneyu samera paliponse. Amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe, monga musasa umene kwathu timati tsamba, munondo umene ndi mchenga, ndi muzhanje umene ndi msuku. Mtengo umamupatsa chakudya, iye n'kumauthandiza kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amalima nhedzi m'matumba monga amachitira ndi bowa wa m'sitolo. Ngati mukufuna kuona nkhalango ya mtundu umene ndikunenawu musanatuluke mu mzinda, ya Mukuvisi Woodlands ndi chitsanzo chabwino.

Paini, oki ndi popula ndi mitengo yobwera, ndipo sinabwere yokha. Pa mizu ndi m'dothi la mbande zake munabwera bowa wa ku Ulaya, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Amanita phalloides, amene Angerezi amamutcha death cap. Ndi wa banja limodzi ndi ndelema, motero naye ali ndi kunsi koyera, kansalu pa tsinde, ndi kathumba kumunsi kwa tsinde konga chigoba cha dzira. Chipewa chake nthawi zambiri chimakhala chobiriwira motuwa, monga momwe mwafotokozeramo, ngakhale mvula ikachikwapula kwambiri chimatha kuyererapo. Sindinganene motsimikiza za bowa amene sindinamugwire, koma kubiriwira kumeneko pamodzi ndi paini n'zokwanira kuti jumbo yonseyo itayidwe, osasankhamo ngakhale mmodzi.

Za apongozi anu, musawauze kuti sadziwa bowa, chifukwa n'kutheka kuti amamudziwadi. Nzeru zimene anaphunzira kwa amayi awo zinapangidwira m'nkhalango za musasa ndi muzhanje, ndipo kumeneko zimagwira ntchito. Auzeni mofatsa kuti mtengowo ndi wachilendo ndipo bowa wake ndi wachilendonso. Anawo muwaphunzitse kuti bowa sathyola ngati duwa. Amakumba ndi kamtengo kuti atuluke wathunthu, chifukwa zambiri zomuzindikirira zili pansi pa dothi.

Nambewe, namwino, Chitungwiza

Achemwali Nabanda, ndisanayankhe china chilichonse, afunseni anawo mosawaopseza ngati wina analumako panjira, ndipo apongozi muwafunse mwaulemu ngati analawa msuzi wa mu kapoto kaja. Ngati alipo amene analawa, apite kuchipatala lero lomwe ngakhale akuoneka wabwinobwino, atanyamula bowa wotsalayo mu pepala. Kapotoko ndi supuniyo muzitsuke bwino ndi sopo, ndipo madzi ake musawatayire kumene kumadya nkhuku kapena galu.

Njira ya supuni ilibe maziko. Poizoni wa Amanita phalloides sadetsa supuni, sasintha mtundu wa anyezi, ndipo satha ndi kuwiritsa, kukazinga, kuyanika kapena kuika mufiriji. Kutaya madzi oyamba sikuthandiza. Enanso amati bowa amene wadyedwa ndi nkhono kapena tizilombo ndi wabwino, koma thupi la nkhono si la munthu, ndipo nkhono zimadya bowa wakuphayu popanda vuto. Choipa kwambiri n'chakuti amene anamudya n'kupulumuka amanena kuti ndi wokoma, ndiye chikomekome cha mkuyu chenicheni. Theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu, ndipo mwana amafuna wochepa kuposa pamenepo.

Ndikufuna kukhalitsa pa kayendedwe ka matendawa, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amapusitsika. Bowa wongovuta m'mimba amayamba kusanzitsa msanga, pasanathe maola atatu. Bowa wakupha amakhala chete. Banja limadya madzulo, limagona bwino, ndipo kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba patapita maola 6 kufikira 24, mwina m'bandakucha kapena masana a tsiku lotsatira. Pofika nthawi imeneyo anthu aiwala za bowa, ndipo kuno ku Harare, kumene kolera ya 2008 ndi ya 2018 sitinaiiwale, ambiri amayamba kukayikira madzi a pa chitsime. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri kusanza kumaleka, wodwala amadzuka, amapempha phala, ndipo abale amathokoza kuti zatha. Koma nthawi yonseyo poizoni amakhala akuwononga chiwindi, poletsa timagawo take kupanga zimene timafunikira kuti tikhale ndi moyo. Kuyambira tsiku lachitatu maso amayamba chikasu, magazi amavuta kuundana, wodwala amasokonezeka mutu, ndipo impso nazo zikhoza kuleka kugwira ntchito.

Motero kuchedwa kwa zizindikiro si chifukwa chokhazikitsira mtima pansi. Munthu akafika msanga amatha kupatsidwa makala a kuchipatala amene amagwira poizoni m'matumbo, amaikidwa diripi, ndipo magazi ake amayezedwa tsiku ndi tsiku kuti aone mmene chiwindi chilili. Makala amenewa si a pa mbaula, ndipo mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a phulusa sizichotsa poizoniyu. Ku kiliniki nenani poyera kuti munadya bowa wa kutchire, nthawi imene munadya, nthawi imene kusanza kunayamba, ndi onse amene anadya nawo, kuti ngati n'kofunika akutumizeni ku chipatala chachikulu, monga cha Parirenyatwa, cha Sally Mugabe kapena cha Chitungwiza Central. Achipatala nawonso ali ndi kofunsa, ku Drug and Toxicology Information Service ya pa University of Zimbabwe.

Maganizo anga monga namwino ndi akuti bowa aliyense wokhala ndi kunsi koyera, kansalu pa tsinde ndi kathumba pansi, ndi bwino kungomusiya, kaya amutche nhedzi kaya ndelema.

Mayi Nachisale, Mbare

Ndikugwirizana ndi anamwino pa zonse kupatula mawu awo otsiriza. Ine ndagulitsa ndiwo pa Mbare Musika zaka zambiri, ndipo kuyambira Disembala mpaka Febuluwale nhedzi ndi amene amandilipirira ana sukulu. Kunena kuti asiyidwe n'chimodzimodzi kuuza munthu wa ku Mangochi kuti aleke chambo chifukwa chili ndi minga. Chimene ndingavomereze n'chakuti nhedzi si bowa wophunzirirapo, ndipo si bowa wotumira ana.

Ine ndimapikula kwa amayi a ku Domboshava ndi a m'mbali mwa msewu wa ku Mutare, cha ku Marondera, amene ndawadziwa kwa nthawi yaitali ndipo amazula m'nkhalango zomwezo chaka ndi chaka. Ngakhale zili choncho, dengu likafika ndimakhuthula lonse n'kumugwira mmodzimmodzi. Nhedzi weniweni ndi wamkulu ndi wonenepa, pamwamba pake ndi ponanda kukakhala chinyezi, ndi woyera m'mbali n'kudera chapakati, ndipo m'mphepete mwa chipewa muli timizere ting'onoting'ono ngati mano a chipeso. Wakupha amene akunena a Phiri m'mphepete mwake ndi mosalala. Koma chizindikiro chimodzi sichikwanira, ndipo amene akadali ngati dzira, asanatambasuke, sindimulandira kwa munthu amene sindikumudziwa, chifukwa pa msinkhu umenewo abale onsewa amafanana. Wopanda tsinde lathunthu sindimulandiranso.

Inu achemwali, ngati mukufuna bowa wakwathu amene simungasokonezeke naye kwambiri, yambani ndi mitundu iwiri. Woyamba ndi wa pa chulu, amene Ashona amati huvhe, wa gulu limodzi ndi nyonzwe ndi manda akwathu. Ameneyu amalimidwa ndi chiswe pansi pa nthaka, motero waukuluwo mukamukumba bwino mupeza kuti tsinde lake likupitirira pansi ngati muzu wautali wolowera ku nyumba ya chiswe, ndipo alibe kathumba. Pakati pa chipewa pamakhala kansonga kolimba kamene amaboolera dothi. Wachiwiri ndi manyame, amene kuno mumva akuti tsvuketsvuke kapena firifiti. Ndi wofiira kapena wachikasu, woumbika ngati fanulo, ndipo kunsi kwake kuli makwinya otsikira pa tsinde. Amamera m'dothi pansi pa musasa, osati pa chitsa kapena pa chipika chowola. Mayina musawadalire kwambiri, chifukwa ngakhale kwathu dzina la bowa limasintha mukangowoloka mtsinje, ndiye kuli bwanji mukawoloka Zambezi.

Wouma ndi amene ndimamuopa koposa. Bowa akafutsidwa n'kuyanikidwa amada, amakwinyika, ndipo palibe diso limene lingasiyanitse wabwino ndi woipa. Ndimagula wouma kwa munthu yekhayo amene ndimagulako wamuwisi.

Pa za masamba, bonongwe kuno ndi mowa, luni ndi nyevhe, chisoso ndi tsine, ndipo n'zomwezo zimene mukuzidziwa. Choyenera kusamala ndi chomera chotchedwa Datura, chimene chimakonda pa zinyalala ndi m'minda ya manyowa, pomwe bonongwe amakondanso. Chikakula sichisowa, chifukwa chili ndi duwa loyera ngati lipenga ndi chipatso cha minga, koma chikadali chaching'ono mwana wotchola mothamanga akhoza kuchiphatikiza. Tikitani tsamba lake ndi zala ndipo mumva fungo lonunkha limene bonongwe alibe. Wodya chomerachi amauma kukhosi, timwana ta m'maso timakula, ndipo amayamba kubwebweta. Choncho ndiwo za ana muzizisankha nokha pa lichero, tsamba ndi tsamba.

Gama, wogwira ntchito ya m'munda, Mount Pleasant

Amayi Nabanda, ine ndilankhula monga munthu amene anaphunzira ndi mimba yake. Ndinafika kuno kuchokera ku Mulanje ndili mnyamata, ndipo m'chaka changa choyamba pa ntchito, mvula itagwa, pa kapinga wa abwana panatuluka bowa wamkulu woyera atandanda mozungulira ngati anthu ali pa bwalo. Anali ndi mamba oderako pamwamba ndi mphete pa tsinde, ndipo ine ndinangoti ndi wa pa chulu, osadzifunsa kuti chulucho chili kuti. Ndinakazinga atatu ndi tomato. Pasanathe maola awiri ndinayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa, mwakuti mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo ndi amene anandinyamula kupita nane ku kiliniki, kumene ndinagona ndi diripi.

Amene ndinadyayo dzina lake ndi Chlorophyllum molybdites, ndipo ndi wofala pa kapinga wothiriridwa ndi m'mabwalo a masewera. Kawirikawiri sapha munthu wamkulu, koma mwana kapena nkhalamba akhoza kutha madzi m'thupi. Akadali wanthete kunsi kwake n'koyera, ndipo n'chimene chinandipusitsa. Akakula kumasanduka kobiriwira motuwa. Pali njira yoonera zimenezi imene ndinaphunzitsidwa pambuyo pake: mumadula chipewa, n'kuchivundikira pa pepala loyera, n'kuphimba ndi mbale usiku wonse. M'mawa mupeza fumbi la mbewu zake litajambula mizere pa pepalapo. La ameneyu limakhala lobiriwira, pamene la bowa wa pa chulu limakhala lofiirira pang'ono. Koma chenjerani, njira imeneyi siithandiza pa bowa wanuyo, chifukwa ndelema ndi wakupha uja onse fumbi lawo ndi loyera.

Popeza mwafunsa za zomera, ndiwonjezere ziwiri zimene ndimakumana nazo pa ntchito. M'minda ya maluwa muli chomera cha masamba aakulu chotchedwa elephant ear, chofanana kwambiri ndi koko wathu, amene kuno amati madhumbe. Anthu amatola zimene tazula n'kutaya kunja kwa mpanda, poganiza kuti apeza koko waulere, ndipo akangoluma m'kamwa mumayabwa ngati mwalowa singano, milomo ndi lilime n'kutupa. Chachiwiri ndi duwa la dziko lino, flame lily, limene Ashona amati kajongwe. Pansi lili ndi kachinthu konga mbatata yaing'ono yopindika, ndipo muli poizoni wotchedwa colchicine amene amapha. Ana okonda kukumba zinthu kutchire awonetsedwe duwali kuti alidziwe.

Nabanda, Mabvuku

Zikomo kwambiri a Phiri, anamwino, amayi a ku Mbare ndi inu a Gama. Ndinawafunsa onse monga munanenera. Anawo akuti sanalume, ndipo apongozi akuti msuzi uja sanaulawe chifukwa unalibe mchere. Pakati pa dzulo madzulo ndi tsopano papita tsiku lathunthu ndipo palibe amene akudandaula m'mimba, komabe ndikuwayang'anitsitsa.

Masana ano ndinapempha apongozi kuti tipite limodzi kumene anawo anazula, ndipo mwana wamkulu anatitsogolera. Malowo ndi mzere wa paini wakale, pansi pake pali masamba ake aja onga singano, ndipo musasa palibe ngakhale umodzi. Tinapeza atatu otsala. Ndinakumba mmodzi ndi kamtengo ndipo anatuluka ndi kathumba koyera kumunsi, kotakasuka ngati sokosi yovulidwa theka. Apongozi anamutembenuza, anayendetsa chala m'mphepete mwa chipewa kufuna timizere tija, ndipo sanatipeze. Anayang'ana m'mwamba mu mtengo kwa kanthawi, kenaka anati kwawo kumene anakulira mitengo imeneyi kunalibe. Atatuwo pamodzi ndi wa mu jumbo uja tamukwirira m'dzenje lakuya kuseri kwa nyumba, ndipo mawa ndikauza aphunzitsi, chifukwa njira imeneyo amadutsamo ana ambiri.

Mayi Nachisale, apongozi akuti chilakolako cha bowa wotendera sichinawathere, ndipo Loweruka tikwera kombi ya m'mawa kubwera ku Mbare. Kodi huvhe ndi tsvuketsvuke akupezeka sabata ino, ndipo tifike nthawi yanji kuti tipeze madengu asanasankhidwe?